Utoto Wowala ndi DNA: Kodi Kuwalako Kumanena Chiyani?

DNA ilibe mtundu. Mukaisungunula m'kabotolo mumangoona madzi basi, ndipo ngakhale mutaiwalitsira nyale ya UV sikubwezerani kuwala koti diso n'kuona. Imayamwa ndithu kuwalako, makamaka kwa mananomita 260, koma mphamvuyo imaisandutsa kutentha mofulumira kwambiri moti sipatsala yowalira. Kwa zamoyo zimenezi n'zabwino, chifukwa mphamvu ya dzuwa ikanati izichedwa m'zilembo za chibadwa, bwenzi ikuziwononga kuposa mmene imachitira. Koma kwa munthu wa mu labotale ndi vuto. Choncho zithunzi zonse zija za maselo okhala ndi timadontho tabuluu, mizere ya olenji yowala pa jelo, ngakhalenso manambala amene makina oyezera TB kapena kuchuluka kwa HIV m'magazi amatulutsa, kuwala kwake si kwa DNA. Ndi kwa utoto umene wamamatira pa DNA. Ndipo utotowo sudziwa kuwerenga. Umangomva malo amene wakhala: ngati pali popanikizika, ngati pali madzi, ngati woyandikana naye akuulanda mphamvu. Amene wamvetsa zimenezi sadabwa akaona utoto womwewo ukuwala bwino pa DNA yachilengedwe, n'kuzimiratu pa DNA imene asayansi aisintha pang'ono chabe.

Nkhani ya kuwala kotereku inayamba ndi mankhwala a malungo. Mu 1845 John Herschel anaona kuti madzi osungunuliramo kwinini, amene alibe mtundu, amaoneka abuluu pamwamba dzuwa likawawomba. Mu 1852 George Stokes anafotokoza chifukwa chake: kwininiyo imayamwa kuwala kwamphamvu kosaoneka ndi maso, imataya kagawo ka mphamvuyo, kenako yotsalayo imaitulutsa ngati kuwala kofookerapo koma kooneka. Pakati pa kuyamwa ndi kutulutsa pamadutsa timananosekondi tochepa. Kanthawi kameneka m'pamene pagona nkhani yonse, chifukwa molekyu yodzazidwa mphamvu ili ndi njira zingapo zoitayira. Ikhoza kuwala, ikhoza kugwedezeka n'kupotoka mpaka mphamvuyo itathera m'kutentha, kapena ikhoza kupatsirana elekitironi ndi molekyu ina yapafupi. Utoto wabwino wa DNA ndi umene ukakhala wokha m'madzi umataya mphamvu mwakachetechete, koma ukagwira DNA njira zachete zija zimatsekeka, n'kutsala njira ya kuwala yokha.

DNA tingaiyerekezere ndi makwerero opotoka. Mitanda iwiri ya m'mbali ndi ya shuga ndi fosifeti, ndipo ili ndi mphamvu yamagetsi ya negetivu. Masitepe ake ndi zilembo zogwirana ziwiriziwiri, A ndi T, G ndi C, zosanjikizana motalikirana mananomita 0.34. Kupotokako kumasiya ngalande ziwiri zozungulira makwererowo, ina yotakasuka, ina yopapatiza. Utoto wambiri wa DNA uli ndi mphamvu ya pozetivu, motero umakokeka ndi mitanda ija. Ukafika, umalowa pakati pa masitepe awiri kapena umagona m'ngalande yopapatiza. Ulipo wina umene umangounjikana kunja kwa mitanda, koma kugwira kwake n'kofooka ndipo mchere ukachuluka umachoka.

Wotchuka kwambiri mwa olowa pakati pa masitepe ndi ethidium bromide, ndipo mbiri yake inayambira kukhola osati mu labotale. Kampani ya Boots ku England inaupanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti ukhale mankhwala a ng'ombe zodwala tizilombo ta trypanosome, timene timafalitsidwa ndi kashembe. Kashembe ameneyu ndi yemwe uja wa ku Nkhotakota, ku Vwaza ndi kuchigwa cha Luangwa, ndipo madokotala a ziweto amawadziwa mankhwalawa ndi dzina lakuti homidium. Tizilomboti tili ndi mpukutu wapadera wa DNA yozungulira ngati mphete wotchedwa kinetoplast, ndipo ethidium imausokoneza mpaka kachilombo n'kulephera kuukopera. Mu 1961 Leonard Lerman, pofufuza utoto wa gulu la acridine, ananena kuti mamolekyu aphwatalala otere amadzilowetsa pakati pa masitepe a DNA. Ethidium imachita chimodzimodzi. Kuti ilowe, masitepe awiri ayenera kutalikirana kawiri kuposa kale, ndipo makwererowo amamasuka kupotoka kwake ndi madigiri 26 pa molekyu iliyonse yolowa. Mpata umodzi ukadzazidwa, woyandikana nawo sulandiranso mlendo, choncho DNA imakhuta ikafika pa molekyu imodzi ya utoto pa masitepe awiri alionse. Mu 1972 ndi 1973 magulu a Piet Borst ku Amsterdam ndi Joseph Sambrook ku Cold Spring Harbor anayamba kuthira ethidium pa jelo yolekanitsira tizidutswa ta DNA, ndipo kuyambira pamenepo mizere ya olenji ija inakhala chithunzi chodziwika cha sayansi ya majini.

Ethidium ikalowa m'DNA imawala kuwirikiza nthawi 20 kapena kuposerapo. Chifukwa chake ndi madzi. Ikakhala poyera, mamolekyu a madzi amailanda pulotoni pa nthawi imene yadzazidwa mphamvu, ndipo kuwala kumazima pasanathe mananosekondi 2. Pakati pa masitepe madzi saifikira bwino, ndiye imasunga mphamvuyo mananosekondi oposa 20. Utoto wa m'badwo wotsatira, wa gulu la cyanine, umagwiritsa ntchito nzeru ina. Thiazole orange, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1986 powerenga maselo ofiira a magazi amene sanakhwime, ali ndi zigawo ziwiri zaphwatalala zolumikizidwa ndi kamlatho ka atomu imodzi ya kaboni. M'madzi zigawozo zimapotokerana momasuka ndipo mphamvu yonse imathera pomwepo. DNA ikazipana kuti zisapotoke, kuwala kumakwera kuwirikiza nthawi mazanamazana, mwinanso kupitirira 1,000. Mu 1992 gulu la Alexander Glazer ku Berkeley linafotokoza za TOTO ndi YOYO, amene ndi mamolekyu awiri otere omangidwa pamodzi kuti agwire pawiri. SYBR Green ndi PicoGreen, a kampani ya Molecular Probes ya ku Eugene, Oregon, ndi a m'banja lomweli. Onani kuti utoto uwu sukunena kuti "pano pali DNA". Ukungonena kuti "ndapanikizika". Chilichonse chimene chingaupane mofananamo chikhoza kuuwalitsa.

Ogona m'ngalande yopapatiza ndi ena. Mamolekyu ake ndi aatali, opindika pang'ono mogwirizana ndi kukhota kwa ngalandeyo. DAPI anapangidwa mu 1971 mu labotale ya Otto Dann ku Erlangen, ndipo nayenso ankafunidwa ngati mankhwala a trypanosome. Sanapambane pa ntchitoyo, koma lero kabotolo kake kamapezeka m'malabotale ambiri oonera maselo. Iye pamodzi ndi Hoechst 33258 ndi Hoechst 33342 amawala buluu, pa mananomita pafupifupi 460, ndipo amakonda malo amene A ndi T zandandalikana zinayi kapena kuposa. Chifukwa chake n'chooneka ndi maso mukayang'ana chithunzi cha DNA: chilembo G chili ndi kagulu ka maatomu kamene kamatulukira m'ngalande yopapatiza n'kutsekereza njira, pamene pa A ndi T ngalandeyo ndi yosalala ndi yakuya. Berenil, mankhwala ena a ng'ombe olumidwa ndi kashembe, amagona pamalo omwewa, ndipo DNA ya kinetoplast ili ndi A ndi T zambiri. Chromomycin A3 amachita zosiyana, amakonda G ndi C, koma amafuna magineziyamu kuti agwire. Zotsatira zake n'zakuti tizidutswa tiwiri ta DNA tolemera mofanana tikhoza kuwala mosiyana kwambiri pa utoto umodzi. Kachilombo ka malungo ka Plasmodium falciparum, kamene zilembo zake pafupifupi 80 pa 100 ndi A ndi T, sikangayezedwe ndi Hoechst pa muyeso wofanana ndi bakiteriya ya TB, imene pafupifupi 65 pa 100 ndi G ndi C.

Chilembo G chili ndi khalidwe linanso: pa zilembo zinayi zonse, ndicho chimataya elekitironi mosavuta. Utoto wodzazidwa mphamvu ukakhala pafupi nacho umalandira elekitironiyo n'kuzima. Quinacrine, mankhwala akale a malungo amene asilikali ankamwa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, amalowa pakati pa masitepe paliponse, koma amawala bwino pokhapokha pamene palibe G pafupi. Cha m'ma 1970 Torbjörn Caspersson ndi Lore Zech ku Stockholm anapeza kuti pa utoto umenewu kromozomu iliyonse ya munthu imaoneka ndi mizere yakeyake yowala ndi yakuda. Aka kanali koyamba kuti makromozomu onse a munthu azindikirike payekhapayekha. Mizere yakudayo sikuti mulibe utoto. Utoto ulimo, koma wazimitsidwa.

Acridine orange amasintha mtundu. Akalowa mmodzimmodzi pakati pa masitepe a DNA ya zingwe ziwiri amawala mobiriwira, koma akaunjikana pa RNA kapena pa DNA ya chingwe chimodzi amawala mofiira. Pa malungo zimenezi zimathandiza chifukwa maselo ofiira a munthu akakhwima alibe nyukiliyasi, ndiye kadontho kowala mkati mwa selo lofiira kawirikawiri ndi kachilombo. Nzeru yomweyi ndiyo imagwira ntchito poyesa mankhwala a malungo ndi SYBR Green: tizilombo tikafa, kuwala sikuwonjezeka.

Pali mfundo imene mabuku ophunzitsira ntchito za mu labotale amaidutsa mothamanga, pamene ndiyo yofunika: utoto umasintha chinthu chimene ukuyeza. DNA ya vayirasi ya lambda ili ndi masitepe 48,502 ndipo kutalika kwake ndi mamaikulomita 16.5, koma ikakhuta YOYO imafika pa 21 kapena 22. Ikawalitsidwa nthawi yaitali imaduka, chifukwa utoto wodzazidwa mphamvu umapanga mitundu ya okosijeni yowononga. SYBR Green akachuluka amalepheretsa PCR, njira yochulukitsira DNA, yomwe akuiyang'anirayo, komanso amakweza kutentha kumene zingwe ziwiri zimalekanira. DNA yozungulira yotsekeka ngati mphete singamasuke kupotoka mmene ingafunire, motero imalandira ethidium yochepa kuyerekeza ndi DNA ya zilembo zomwezo koma yoduka. Mu 1967 gulu la Jerome Vinograd ku Caltech linasandutsa vuto limeneli njira yolekanitsira mitundu iwiriyo, ndipo kwa zaka zambiri ndi mmene ma plasmid, timphete ta DNA ta m'mabakiteriya, ankayeretsedwera. Zilembo zake n'zofanana ndendende. Chasiyana ndi kaumbidwe, ndipo utoto umatsata kaumbidweko.

Tsopano tibwere ku DNA yosinthidwa. Funso loyamba nthawi zonse ndi lakuti kusinthako kuli pati pa makwerero paja. Chilengedwe nacho chimasintha DNA. Mu 1948 Rollin Hotchkiss anaona chilembo C chachilendo m'DNA ya mwana wang'ombe, chomwe chinadziwika kuti ndi C wokhala ndi kagulu ka methyl. Mwa anthu, pafupifupi chilembo chimodzi pa 100 zilizonse n'chotere, ndipo chimathandiza kutseka majini ena kuti asagwire ntchito. Kagulu ka methyl kameneka kamatulukira m'ngalande yotakasuka, kutali ndi kumene DAPI ndi Hoechst amagona, ndipo sikatseka mpata wa pakati pa masitepe. Choncho utoto wamba sukaona bwinobwino. Pali malo amodzi pamene kamaonekera: pa zilembo za C ndi G zosinthanasinthana, methyl imathandiza DNA kutembenukira kumanzere n'kukhala Z-DNA, imene gulu la Alexander Rich linaijambula mu 1979. Ethidium sikonda kaumbidwe kameneko, ndipo ikachuluka imaikakamiza kubwerera kudzanja lamanja, n'kufafaniza umboni womwe munthu ankaufuna.

Popeza utoto suona methyl, asayansi anazungulira njira. Mu 1992 Marianne Frommer ndi anzake ku Sydney anagwiritsa ntchito bisulfite, mankhwala amene amasandutsa C wopanda methyl kukhala chilembo china chotchedwa U, chimene PCR imachikopera ngati T, n'kusiya C wa methyl mmene alili. Pambuyo pa PCR, DNA imene inali ndi methyl imakhala ndi G ndi C zambiri, ndipo imafuna kutentha kwambiri kuti zingwe zake zilekane. Mukamaitenthetsa pang'onopang'ono muli utoto, kuwala kumagwa pa kutentha kosiyana. Apa pamafunika utoto monga LCGreen kapena EvaGreen, umene ungathiridwe wambiri osalepheretsa PCR. Kusiyana kosaoneka kuja kwasanduka kusiyana kwa madigiri.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha BrdU. Ichi ndi chilembo T chimene kagulu kake ka methyl kachotsedwa n'kuikapo atomu ya bromine. Kukula kwa ziwirizi n'kofanana ndithu, moti selo limene likugawanika limatenga BrdU n'kuiika m'DNA yatsopano osazindikira. Bromine nayo ili m'ngalande yotakasuka, ndiye Hoechst amagona m'ngalande yake monga mwa masiku onse. Koma mu 1973 Samuel Latt ku Harvard anapeza kuti kuwala kwake kumachepa kwambiri. Kaumbidwe sikanasinthe, kugwira sikunasinthe, chasintha ndi njira yotayira mphamvu: bromine imatsegula njira yachete imene methyl inalibe. Maselo akagawanika kawiri ali mu BrdU, mbali imodzi ya kromozomu imawala ndipo inzake imada, ndipo paliponse pamene ziwirizo zasinthana tizidutswa pamaoneka poyera. Kwa zaka zambiri imeneyi inali njira yoyezera ngati mankhwala akuwononga chibadwa. Komanso chingwe chokhala ndi BrdU ndi Hoechst chimaduka chikawombedwa ndi UV, ndipo mu 2012 gulu la Peter Lansdorp ku Vancouver linagwiritsa ntchito zimenezi kuchotsa dala chingwe chatsopano kuti awerenge chakale chokha m'selo limodzi.

Zosiyana kwambiri zimachitika mukasintha mitanda ya m'mbali. Mu 1991 Peter Nielsen, Ole Buchardt ndi anzawo ku Copenhagen anapanga PNA, imene ili ndi zilembo zinayi zomwe zija koma zomangidwa pa mtanda wofanana ndi wa mapuloteni, wopanda mphamvu yamagetsi. PNA imagwirana ndi DNA molimba kuposa mmene DNA imagwirira inzake, popeza palibe kukankhana kwa negetivu ndi negetivu. Koma gulu la Bengt Nordén ku Gothenburg litayesa mu 1994, linapeza kuti ethidium siwala pa zingwe za PNA ndi DNA zogwirana, pamene DAPI amathabe kugona m'ngalande yake. Munthu wongodalira jelo ndi ethidium akhoza kuganiza kuti zingwezo sizinagwirane, chikhalirecho zagwirana zolimba. Vuto lofananalo limakumana ndi amene amayeza tizingwe tifupitifupi topangidwa kuti tikhale mankhwala, tokhala ndi salufa pa fosifeti kapena shuga wosinthidwa. Muyeso wa kuwala wochokera ku DNA wamba sungakhulupiriridwe pa tizingwe totere. Pamafunika kupanga muyeso ndi kachingwe komweko.

Ena anaganiza zosiya kuthira utoto n'kupanga chilembo chenichenicho kuti chiziwala. Mu 1969 David Ward, Edward Reich ndi Lubert Stryer anafotokoza za 2-aminopurine, amene amasiyana ndi A pa malo a kagulu kamodzi kokha ndipo amagwiranabe ndi T. Iyeyu amachita mosemphana ndi ethidium: ali yekha amawala kwambiri, koma akasanjikizana ndi zilembo zina m'makwerero amazima. Ndiye enzaimu ikatulutsa chilembocho kunja kwa makwerero, monga zimachitira ma enzaimu oika methyl ndi okonza DNA yowonongeka, kuwala kumabuka nthawi yomweyo. Oliver Seitz ku Berlin anatenga njira ina: anaika thiazole orange m'malo mwa chilembo chimodzi pa chingwe cha PNA. Chingwecho chikagwirana bwino ndi chinzake utotowo umapanikizika n'kuwala, koma chilembo choyandikana nacho chikakhala cholakwika pamakhala mpata, utoto umapotoka, ndipo kuwala kumachepa.

Njira imene yafika m'zipatala zathu ndi yomangirira utoto kunsonga kwa kachingwe ka DNA kopangidwa dala, n'kuika chozimitsa kunsonga inayo. Maziko ake ndi zimene Theodor Förster anafotokoza mu 1948, zakuti molekyu yodzazidwa mphamvu imatha kupatsira ina yapafupi popanda kuwala. Mu 1967 Stryer ndi Richard Haugland, amene pambuyo pake anayambitsa Molecular Probes pamodzi ndi mkazi wake Rosaria, anasonyeza kuti kupatsiraku kumagwa msanga mtunda ukakula, moti kungakhale choyezera mitunda ya mananomita ochepa. Mu 1996 Sanjay Tyagi ndi Fred Kramer ku New York anapanga kachingwe kamene nsonga zake ziwiri zimagwirana zokha, utoto ndi chozimitsa n'kukhudzana. Kakapeza DNA yogwirizana nako kamatambasuka, ziwirizo zimatalikirana, kuwala n'kutuluka. Apa tsopano kuwala kukutsata zilembo, koma wowerenga zilembozo ndi kachingweko. Utoto ukungolengeza kuti chozimitsa chapita kutali. Ndipo mavuto akale aja amatsatabe: wopanga kachingwe kotere amapewa kuika G moyandikana ndi utoto wa fluorescein, chifukwa G amauzimitsa ngakhale chozimitsa chenicheni chitachoka.

Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu December 2010 ndipo lero ali m'zipatala zambiri za maboma ku Malawi ndi ku Zambia, anayamba ndi tizingwe totere tisanu. Tonse tinkayang'ana kachigawo ka zilembo 81 ka jini ya rpoB m'bakiteriya ya TB, kumene kumachitika kusintha kochuluka kochititsa kuti mankhwala a rifampicin asagwire ntchito. Tonse tisanu tikawala pa nthawi yake, makinawo ankati TB ilipo ndipo mankhwala agwira. Kamodzi kakachedwa kapena kakapanda kuwala, ankati bakiteriyayo yasintha. M'maola awiri okha dokotala ankadziwa zimene kale ankadikira kwa milungu. Koma tizingweto timaona pokhapo pamene tagona. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anasonyeza kuti ku Eswatini, pa TB yosamva mankhwala ambiri imene inasonkhanitsidwa m'dziko lonselo mu 2009, pafupifupi 30 pa 100 inali ndi kusintha kotchedwa I491F, kumene kuli kunja kwa zilembo 81 zija. Pa odwala amenewo tizingwe tonse tisanu tinkagwira bwinobwino n'kuwala, ndipo makina ankalemba kuti rifampicin agwira ntchito, pamene bakiteriyayo sinkawamva. Kuti kusintha kumeneku kuoneke pamafunika kachingwe kena kolunjika pamalopo, kapena kuwerenga jini yonse ya rpoB chilembo ndi chilembo.